Tsiku lokwera sitima yaikulu ku Durban: tikayembekezere zotani?

Mphunzitsi wopuma, Ulongue:

Moni nonse abale ndi alongo. Ndine bambo wa zaka 67, ndinaphunzitsa ku Domwe kenako kuno ku Ulongue, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mpaka ndinapuma. Ana athu atatu asonkherana n'kutigulira, ine ndi mayi awo, ulendo wa pa sitima ya kampani ya MSC, yonyamukira ku Durban, kukaima pa chilumba cha Ilha dos Portugueses pafupi ndi Inhaca, chakufupi ndi Maputo, n'kubwereranso. Akuti ndi mphatso ya zaka 40 za ukwati wathu. Mayi a kunyumba nyanja yamchere sanaionepo chibadwire. Madzi aakulu amene akuwadziwa ndi Zambezi, powoloka pa mlatho ku Tete.

Ine sitima ndinakwerapo imodzi yokha, Ilala ya ku Malawi, ndili mnyamata, kuchoka ku Monkey Bay kupita ku Likoma. Kumeneko tinkangofika ndi katundu pamutu, kugula tikiti n'kukwera, matumba a chimanga ndi nkhuku momwemo. Ana akuti iyi ndi ina, koma nawonso sanakwerepo, amangoona pa foni.

Chikundisowetsa tulo ndi tsiku loyambalo. Tikafika padoko tiyambire pati? Katundu timanyamula tokha? Mayi ali ndi shuga ndi BP, mankhwala amamwa pa nthawi yake, ndipo kuima nthawi yaitali miyendo imatupa. Chingerezi changa n'chopereweranso, ife tinaphunzira m'Chipwitikizi. Nanga ndalama, titenge mametikali kapena marandi? Amene munapitako tithandizeni, sindikufuna kukawavutitsa mayiwa pa ulendo womwe ana awakonzera kuti akasangalale.

Mayi wa ku Moatize:

Bambo, zikomo, ndipo ana anuwo Mulungu awadalitse. Ine ndi amuna anga tinakwera sitima ya kampani yomweyo ku Durban komweko, ndiye ndikuuzani mmene tinaonera.

Ntchito yaikulu imagwiridwa musanachoke kunyumba. Auzeni ana akulembetseni pa intaneti, kenako asindikize tikiti ndi timapepala tomata pa masutikesi. Timapepalato timakhala ndi dzina lanu ndi nambala ya chipinda. Pa tikitipo pamalembedwanso nthawi yoti mufike padoko. Tsatirani nthawi imeneyo. Ife tinalawirira kwambiri poganiza kuti zili ngati chapa, minibasi ya kwathu kuno, woyamba kufika ndiye amapeza mpando wabwino. Ayi ndithu, chipinda chanu ndi chanu kale, palibe angakulandeni. Komanso m'mawa sitima imakhala ikutsitsa anthu a ulendo wapitawo, ndiye tinangokhala panja kudikira.

Malo okwerera amatchedwa Nelson Mandela Cruise Terminal, ali chakumapeto kwa tawuni, dera la Point, kufupi ndi uShaka Marine World. Mukangotsika galimoto, masutikesi aakulu mumawasiya kwa antchito pakhomo. Apa mvetsetsani bwino bambo, chifukwa ine ndi pomwe ndinalakwitsa. Masutikesiwo simuwaonanso mpaka atawabweretsa pakhomo la chipinda chanu, ndipo anthu ndi masauzande, choncho pamatha maola. Athu anafika dzuwa litapendeka. Mankhwala a amuna anga a chifuwa cha mphumu ndinali nditawalongedza m'sutikesi yaikulu, pansi penipeni. Masana onsewo mtima wanga unali m'mwamba, ndikungowayang'ana kapumidwe, chakudya osachimva kukoma. Palibe chinachitika, koma sindidzabwerezanso. Mankhwala a amayi onse, okwanira ulendo wonse ndi masiku ena owonjezera, akhale m'kachikwama ka m'manja, m'mabokosi ake omwe, pamodzi ndi kalata ya kuchipatala. Muikemonso mapasipoti, tikiti, chaja, juzi yopepuka ndi kabisiketi kapena siwiti, poti a shuga njala siwachenjeza.

Mukalowa m'nyumbamo zimafanana ndi pabwalo la ndege. Zikwama zimadutsa pa makina, a kampani amaona mapepala anu ndi kukujambulani nkhope, a zolowa ndi kutuluka amadinda pasipoti chifukwa mukutuluka m'dziko la South Africa. Mzere umatalika, osanama. Koma musachite manyazi kuuza wantchito woyamba amene mwamuona kuti amayi sangaime nthawi yaitali. Ine ndinaona okalamba akuthandizidwa, ena pa njinga za olumala. Chabwino koposa, ana anu adziwitse kampani pasadakhale za matendawo.

Aliyense amalandira kakhadi kake. Kameneko ndiye kiyi wa chipinda, ndiye chitupa potuluka ndi polowa m'sitima, ndiponso ndiye chikwama cha ndalama. M'katimo simugula kanthu ndi ndalama zogwira m'manja, ndipo mitengo tinaipeza m'madola a ku America. Kakhadiko mumakalumikiza ndi khadi la ku banki, apo ayi mumasungitsa ndalama kenako amachotsa mukamagula. Ndalama za pa foni za M-Pesa ndi e-Mola ziiwaleni. Pitani ku banki kwanu musananyamuke, mukafunse ngati khadi lanu likuloledwa kulipira kunja komanso malire ake ndi angati. Marandi tengani ochepa a takisi ndi chakudya ku Durban. Afunseninso ana ngati ndalama ya antchito, yomwe amawerengera munthu aliyense usiku uliwonse, inalipiridwa kale pa tikiti, kuti isadzakudzidzimutseni tsiku lotsika.

Mukangolowa, funsani kumene kuli chakudya, mukhale pansi amayi adye. Chakudya cha kumalo odzitengera wekha chili kale pa tikiti: mpunga, nkhuku, nsomba, mbatatesi, masamba, zipatso. Zoziziritsa kukhosi ndi mowa n'zolipira padera, ndipo tsiku loyambalo achinyamata amakuzungulirani kukutsatsani. Mukangoti ayi zikomo amakusiyani.

Mnyamata wa ku Zobue, wogwira ntchito pa sitima:

Agogo, ndakulonjerani ndi manja awiri. Ine ndimaperekera zakudya pa sitima za kampani ina, ndabwera kutchuthi. Zimene anena amayiwa n'zoona. Ndiwonjezere chimodzi chimene alendo ambiri amachitenga mopepuka, pomwe kwa ife antchito ndicho chachikulu pa tsiku lonselo.

Sitima isananyamuke, mlendo aliyense amayenera kuphunzitsidwa zochita pakagwa ngozi. Si lamulo la kampani, ndi lamulo la panyanja la dziko lonse, lotchedwa SOLAS. Kale ankaloledwa kuphunzitsa anthu mkati mwa maola 24 atakwera sitima. Ndiye pa 13 Januwale 2012 sitima ya Costa Concordia inagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy, patangopita maola ochepa chinyamukireni padoko la Civitavecchia. Anthu amene anakwerera padokolo anali asanaphunzitsidwe. Anafa anthu 32. Kuchokera pamenepo lamulo linasintha, phunzirolo limachitika sitima isanachoke kapena ikangochoka kumene.

Pa kakhadi kanu padzakhala chilembo kapena nambala ya malo anu osonkhanira. Masiku ano sitima zambiri zimaonetsa kanema wa phunziroli pa TV ya m'chipinda, kenako mumayenda kukafika pamalowo kuti wantchito awerenge khadi lanu. Chonde agogo, yendani njira imeneyo nonse awiri, pang'onopang'ono, muiloweze. Taonani pamene pali masitepe, chifukwa pa ngozi zikepe zokweza ndi kutsitsa anthu m'kati mwa sitima sizigwiritsidwa ntchito. Ngati agogo aakazi masitepe amawavuta, nenani tsiku lomwelo, amalemba nambala ya chipinda kuti pakachitika kanthu wina abwere kudzawathandiza. Kulira kwa ngozi ndi kasanu ndi kawiri kwakufupikufupi, kenako kamodzi kotalika. Mukakumva pa nthawi ya phunziro musadzidzimuke, n'kuyesa chabe. Ndimamva chisoni ndikaona anthu akucheza ndi kujambulana pa nthawi imeneyi.

Za chinenero musade nkhawa kwambiri. Antchito timachokera m'mayiko ambiri, ndipo baji ya pachifuwa kawirikawiri imasonyeza kwawo kwa munthu. Pitani pa desiki yolandirira alendo mufunse wolankhula Chipwitikizi, pa sitima zomwe ndagwirapo sitinasowepo wa ku Brazil kapena ku Portugal. MSC eni ake ndi banja la ku Italy, ndiye Chitaliyana mudzachimvanso, ndipo mawu ena mudzawatola.

Ayironi, ketulo, mpeni ndi mowa musatenge, amazigwira pa makina. Moto ndiye mdani wamkulu pa sitima. Foni muiike pa chizindikiro cha ndege mukangochoka padoko, chifukwa pakati pa nyanja imalumikizana ndi netiweki ya pa sitima yodula koopsa. Chipatala chilimo, koma n'cholipira, ndiye ana aonetsetse kuti muli ndi inshuwalansi ya paulendo yomwe ikuvomereza matenda amene agogo ali nawo kale.

Dalaivala wa mathiraki, Tete:

Akuluakulu, onse akamba za m'sitima, ine ndikambe za msewu. Sitima sidikira munthu. Musakonze zofika ku Durban tsiku lomwelo, kagoneni komweko usiku umodzi, kaya uwiri. Kuchoka ku Ulongue kufika ku Tete ndi ulendo kale, ndipo ndege ya pa bwalo la Chingozi ku Tete, kaya yodzera ku Maputo kaya ku Johannesburg, ikachedwa pang'ono mwaphonya inzake. Bwalo la ndege la King Shaka nalonso lili kunja kwa Durban, makilomita opitirira 30. Ife a pasipoti ya Mozambique timalowa ku South Africa popanda viza mpaka masiku 30, koma taonani lero lomwe tsiku lothera mapasipoti anu. Akhale ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi kutsogolo ndi masamba opanda chidindo.

Pa za kulawirira ndisiyana pang'ono ndi mayi a ku Moatize. Kwa okalamba kuli bwino kufika nthawi yanu isanakwane pang'ono n'kukhala pa mpando, kusiyana n'kuthamanga ndi mtima wa BP. Ndipo muwakonzekeretse amayi: nyengo ya sitimazi ndi ya dzinja lathu, Novembala mpaka cha m'Malichi, nthawi ya anamondwe. Pa chilumbacho sitima imaima patali, anthu amapita kumtunda pa timaboti. Nyanja ikakwiya woyendetsa amatha kuletsa kutsika.

Mphunzitsi wopuma, Ulongue:

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Ndawawerengera mayi mayankho onse dzulo madzulo tili pakhonde. Mapasipoti tawaona, yanga ili bwino, koma ya mayi ikutha mu Epulo, ndiye Lolemba tikulawirira ku Tete kukayamba za yatsopano. Bambo dalaivala, mukadapanda kunena sitikadaona. Mwana wathu wamkulu wavomera kutiperekeza mpaka padoko, ndipo tidzagona ku Durban masiku awiri. Kachikwama ka mankhwala mayi asankha kale, kofiira, akuti kuti kasasokonekere.

Mdzukulu wanga wa ku Zobue, funso limodzi latsala. Mayi akufunsa ngati pali malo pamwamba pa sitima pomwe munthu angakhale pa mpando, osaima, n'kumaona pamene tikutuluka padoko kulowa m'nyanja. Akuti nthawi imeneyo safuna idzawapeze ali m'chipinda.