Batala akakana kutuluka: ku Ireland ankatani?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Nthano za kumidzi ya ku Ireland zimakamba kwambiri za "kuba batala". Kodi ankapukusa bwanji mkaka, nanga batalayo ankakaniranji kutuluka?

Mlimi wa Ng'ombe: Mayi, chiwiya chawo chinali mgolo wamatabwa, wautali, wokhala ndi chivundikiro chobowola pakati. Pabowopo pankalowa ndodo yokhala ndi thabwa lozungulira kunsi, ndipo ankaikweza n'kuitsitsa ngati musi mumtondo. Mkaka ankausunga masiku angapo kuti usase. Ena ankayengula mafuta apamwamba okha, ena ankapukusa wonse.

Mgolo ankayamba autsuka ndi madzi owira, kenako ozizira, ndipo sankaudzaza kupitirira theka. Chachikulu n'kutentha: madigiri 13 mpaka 16 a Celsius. Mkaka ukazizira kwambiri umangochita thovu, mudzapukusa mpaka mapewa kuwawa. Ukafunda kwambiri, batala amatuluka wamphwephwa, wosagwirana. Zikayenda bwino, pakatha theka la ola kapena ola limodzi timibulu tachikasu timayamba kuoneka. Apo ankakhetsa mkaka wotsalawo, womwe ankaphikira buledi wa soda, n'kutsuka batala ndi madzi ozizira mpaka madziwo atayera mbee, kenako mchere. Mukatsuka mwachinyengo, batala amanunkha msanga.

Gogo Chimwala: Zoona achimwene, koma banja lomwe batala ndiye ndalama zake silikanangoti "kwazizira". Mantha ankakula pa 1 Meyi, tsiku la Bealtaine, chikondwerero cha kuyamba kwa nyengo yotentha. Ankati mfiti imasanduka kalulu n'kukayamwa ng'ombe za mnzake m'bandakucha, mwayi wa batala wa chaka chonse n'kupita nawo. N'chifukwa chake ankamanga kanthambi ka mtengo wa rowan pamgolo, pansi pake n'kuikapo khala lamoto kapena chitsulo cha kuphazi kwa hatchi. Pamene akupukusa, munthu sankaloledwa kupala moto m'nyumbamo, ngakhale kutuluka ndi kaliwo woyaka. Mlendo akalowa ankanena kuti Mulungu adalitse ntchitoyo, n'kugwirako ndodo ija pang'ono. Mwambo umenewu ndimaukonda, chifukwa umachotsa kukayikirana, komanso wopukusa amapumulako.

Mlimi wa Ng'ombe: Agogo, pena mwambowo unkathandizadi osadziwa. Ena ankathira madzi otentha pang'ono mumgolo, ndipo mkaka ukafunda batala ankatuluka.

Gogo Chimwala: Eya. Ndipo zambiri mwa izi zinalembedwa ndi ana asukulu pakati pa 1937 ndi 1939, atafunsa agogo awo, pa ntchito ya Irish Folklore Commission, bungwe lomwe linkasonkhanitsa nthano ndi miyambo ya dzikolo.