Ndiikonze kompyuta yakaleyi kapena ndigule yatsopano yotchipa?

Akuluakulu odziwa makompyuta, ndithandizeni nzeru. Kompyutayi ndi ya pa desiki, ya m'kashopu ka fotokope ndi kutaipa kuno ku Salima: prosesa Core i5-3470, RAM ya DDR3 ya 4GB, hard disk ya 500GB. Imachedwa kwambiri kuyaka, ndipo masana kukatentha fani imalira kenako imazima yokha. M'kati mwadzaza fumbi, thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha pa prosesa) yauma gwa. Magetsi akazima tsiku ndi nthawi zimasokonekera, ndiye batire ya CR2032 (kabatire kosunga tsiku ndi nthawi) yatha basi.

Ndikuganiza zoika SSD (chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk) ya SATA ya 256GB, RAM ina ya 4GB, paste ndi batire zatsopano. Kodi RAM ya 1333MHz ingagwirizane ndi ya 1600MHz, kapena ndifunefune zofanana ndendende?

Chikundidetsa nkhawa ndi Windows. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo) ndi prosesa ya Intel yoyambira m'badwo wa 8, koma i5 yangayi ndi yakale kuposa pamenepo. Komanso kompyuta yatsopano yotchipa ya prosesa ya Celeron sindikuikhulupirira kuti ingapose i5 imeneyi pa ntchito. Alipo amene akuyendetsa printa ndi sikana pa Linux Mint, pulogalamu yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows? Nanga UPS (batire yogwirizira magetsi akazima) ya 650VA ingakwanire kompyuta ndi monita?