Makina ogonera akundithira madzi m'mphuno, kodi ndi ine ndekha?

Membala wosadzitchula dzina: Abale anga a m'gulu muno ndithandizeni, ndatopa. Ndimakhala ku Leeds, ku UK, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kuchipatala anandipeza ndi vuto lija loti ukagona pakhosi pamatsekeka, umaliza mkonono kenako n'kusiya kupuma kwa kanthawi, ndiye anandipatsa makina a CPAP, aja okhala ndi kathanki ka madzi, opopa mpweya kudzera mupaipi ndi masiki ya kumaso kuti pakhosi pasatsekeke. Nthawi yotentha zinkayenda bwinobwino. Koma chiyambireni kuzizira kuno, pakati pa usiku paipi imayamba kulira kuti gudugudu, kenako madzi ozizira khuthu m'masiki. Ndikachotsa madzi muthanki, mpweya wake umabwera wozizira, pakhosi gwa, m'mawa mphuno zatseka. Landilodi wathu amazimitsa hita 10 koloko usiku ati bilu yakwera, chonsecho lendi sitiphonya. Mtsikana amene timakhala naye m'nyumba amandidyeranso ndiwo mufiriji, ndikamufunsa amati sakudziwa. Amuna anga anatsalira ku Lilongwe chifukwa cha malamulo a visa aja a mu 2024 oletsa osamalira okalamba kubwera ndi mabanja awo, kumudzi nako foni ndi ya feteleza yokhayokha. Dzana bwana wanga anandipeza ndikusinza pa shifiti. Makinawo ndangowabweza m'chikwama. Nditani?

Mkulu Wakale: Mayi, musadzivute. Agogo athu ankaliza mkonono mudzi wonse n'kumva, anafa ndi ukalamba, paipi sanaionepo. Vuto ndi zakudya zanu za kumeneko, buledi ndi tchipisi tsiku lililonse. Tsitsani thupi, makinawo mukabweze.

Nachisale: Mwamuona thupi lake inu? Sanaike chithunzi.

Mkulu Wakale: Sizifunika chithunzi. Ine ndakhala ku Joni zaka zambiri, aliyense amene ndamuona ndi makina amenewa ndi wa khosi lalikulu.

Anesi a ku Coventry: Achemwali, makina anu ndi a mtundu wanji, ndipo paipi yake ndi yotenthetsa kapena wamba? Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Chikuchitika n'chakuti thanki imatenthetsa madzi kuti mpweya ukhale ndi chinyezi, koma mpweyawo ukamadutsa mupaipi yozizira, nthunzi imasandukanso madzi, ngati mmene malata amadonthera m'mamawa mwezi wa June. Yang'anani kumapeto kwa paipi kumene imalowa m'makina. Ngati pali kapulagi ka magetsi, ndi yotenthetsa.

Ankolo a Memes: Anzathu amalipira ndalama kukasambira, inu swimingi ikukupezani pabedi. Yamikani.

Mai a Tadala: Mtsikana wodya ndiwoyo ndiye wandikwiyitsa. Ine wanga ku Luton ankandibera mpaka kapenta amene ndinachoka naye ku Malawi. Gulani kafiriji kakang'ono muike kuchipinda. Anthu ena sanaleredwe.

Mkulu Wakale: Mwaona? Nkhani ikubwerera ku zakudya. Ndanena kale.

Aphiri a Kempton Park: Ine ndimagwiritsa ntchito makina amenewa, ndipo thupi langa ndi laling'ono, mkulu. Kuno ku Johannesburg June ndi July kumazizira koopsa, nyumba zake zopanda hita. Mu 2023 magetsi akuzimazima ndinagula batire, koma silinkafika m'mawa. Ndinadzazindikira kuti chimene chimadya moto kwambiri ndi chotenthetsera madzicho, osati chopopa mpweya. Za madzi mupaipizo, mayi a kunyumba anandisokera kathumba kataliatali ka nsalu ya bulangete lakale, paipi yonse imalowa mmenemo, mbali yotsalayo ndimaipititsa mkati mwa zofunda. Zinachepa kwambiri.

Mkulu Wakale: Ndiye kuti paipi imafunda bulangete, mkazi wanu akugona pambali? Amuna a masiku ano.

Aphiri a Kempton Park: Mkazi wangayo ndi amene anandikokera kuchipatala atatopa kundigwedeza usiku kuti aone ngati ndili moyo. BP yanga inali yokwera. Inu pitirizani nthabwala.

Mlongo mwa Ambuye: Mwana wanga, tulo ndi mphatso yochokera kumwamba. Salimo 4 ndime 8. Werenga usanagone, ndipo landilodiyo umuike m'mapemphero.

Nabanda wa ku Chikwawa: Inu mukudandaula kuzizira, ife kuno mu October masiki amachita kuterereka ndi thukuta, mpweya n'kumathawira m'maso usiku wonse. Bambo a kwathu kuno amawagwiritsa ntchito, tinachita kuitanitsa kunja. Kukatentha timatsitsa chinyezi, timayatsa fani, amasamba kumaso asanagone osadzola mafuta. Komabe magetsi akathima zonse zathera pomwepo, mkonono wabwerera. Mukabwera ku holide mutitengereko zosefera mpweya, kuno sizipezeka.

Joze: Thirani ka Vicks pang'ono m'madzimo, mphuno zimatseguka.

Anesi a ku Coventry: Ayi chonde, musathire Vicks kapena mafuta aliwonse muthanki. Zimenezo zimapita m'mapapo, komanso zimawononga pulasitiki ndi labala ya masiki. Muthanki mumalowa madzi okha, makamaka otchezedwa aja amati distilled, ndipo muzisintha tsiku ndi tsiku.

Joze: Agogo anga ankafukiza bulugamu, sanafe.

Mkulu Wakale: Eya! Auzeni. Bulugamu, mandimu, jinja. Osati kugona ndi chipaipi. Komanso makina amenewa ena anawaletsa, fufuzani.

Anesi a ku Coventry: Mkulu, mukusakaniza nkhani. Mu 2021 kampani ya Philips inaitanitsa ena mwa makina ake chifukwa siponji yochepetsa phokoso ya mkati inkatha kufumbutuka. Sizikutanthauza kuti CPAP yonse ndi yoipa. Kuchepetsa thupi kumathandiza ambiri, palibe akukana, koma ena vuto ndi mmene chibwano kapena pakhosi panapangidwira. Munthu wosiyidwa osathandizidwa amakhala pa chiopsezo cha BP, sitiroko ndi ngozi za pamsewu. Anthu akumudzi amene ankangopezeka atafa kutulo aja tinkati awalodza.

Mkulu Wakale: Ndiye mukufuna kunena kuti ufiti kulibe? Mukapita kunja miyezi iwiri mwayamba kale kunyoza kwanu.

Nachisale: Admin, munthu uyu amalowa post iliyonse. Ya mapasipoti analiponso.

Membala wosadzitchula dzina: Zikomo nonse. Mai a Tadala kafiriji ndinaganizapo koma chipinda changa ndi chaching'ono, bedi lenilenilo linachita kugunda pawindo. Landilodi ndinamulembera uthenga, anangowerenga osayankha. Ndipo sindine wonenepa kwambiri ayi.

Mkulu Wakale: "Kwambiri." Mwamva nokha.

Aphiri a Kempton Park: Mwati bedi lili pawindo? Nanga makinawo mumaika pati? Ngati ali pawindopo ndiye kuti akukoka mpweya wozizira kwambiri m'chipinda monse. Komanso azikhala m'munsi kuposa mutu wanu, kuti madzi akapangika azitsetserekera kuthanki osati kumaso.

Mai a Tadala: Za landilodiyo pitani ku khonsolo. Kuno amanena kuti m'nyumba musamazizire kupitirira madigiri 18 kutsika m'munsi. Wanga ndinamuopseza choncho, mawa lake hita inayaka. Kenako anandikwezera lendi, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Dealz Zotchipa: Tili ndi mabulangete amagetsi, maduveti, ma heater. Timatumiza UK yonse. Inbox.

Anesi a ku Coventry: Achemwali simunandiyankhebe za mtundu wa makina. Ngati ndi ResMed AirSense 10, chinyezi chimayambira pa 1 mpaka 8. Tsitsani kamodzikamodzi, muone usiku umodzi kapena uwiri, m'malo mochotseratu madzi. Paipi yake yotenthetsa imatchedwa ClimateLineAir, imafika madigiri 30, ndipo mukaika pa Auto imayambira pa 27. Imbirani a kuchipatala chimene anakupatsani makinawo muwafunse za paipi imeneyo musanawononge ndalama. Kuuma kwa pakhosiko mwinanso mumagona kukamwa kuli yasa, pamenepo pamafunika masiki ophimba mphuno ndi kamwa. Mphamvu ya mpweya yokha musasinthe nokha. Ndipo ngati mumayendetsa galimoto popita kwa okalambawo, kusinza kumeneko si nkhani yaing'ono, a DVLA, oona za ziphaso zoyendetsera galimoto kuno ku UK, ali ndi malamulo ake pa matendawa. Tulutsani makinawo m'chikwama lero.

Ankolo a Memes: Anesi alemba buku lonse, mwini post wapita ku shifiti.

Mkulu Wakale: Ine mfundo yanga sindisintha. Achepetse buledi. Ndipo a Nachisale, pa post ya mapasipoti ija ndani ananama? Bweretsani umboni.

Nachisale: Dikirani ndifufuze screenshot.