Yankho la funso langa lija la tauni ya Sewell

Sabata yatha ndinafunsa chomwe chinasamutsa anthu ku Sewell, tauni ya m'mapiri a Andes ku Chile. Ambiri mwa inu munati mwina mkuwa unatha. Ayi ndithu, mgodi wa mkuwa wa kumeneko, wotchedwa El Teniente, ukugwirabe ntchito mpaka lero.

Kampani ya Braden Copper inayamba ntchito kumeneko mu 1905, n'kumanga tauniyi pamalo otsetsereka kwambiri moti m'malo mwa misewu munali masitepe okhaokha. Nthawi ina munkakhala anthu pafupifupi 15,000. Nyumba, chipatala, sukulu, zonsezo zinali za kampani. Mu 1967 boma linagula magawo 51 pa 100 a mgodiwo, ndipo mu 1971 linautenga wonse. Msewu wopita ku mzinda wa Rancagua, womwe uli kumunsi kwa phiri, utamangidwa, kusunga mabanja pamwamba pa phiri kunaoneka kodula. Anawasamutsira kumunsi, antchito n'kumakwera basi popita kumgodi. Nyumba zambiri anazigwetsa.

Chomwe chandigwira mtima n'cha pa 19 June 1945, pamene utsi wa moto unapha antchito 355 mumgodimo. Tsiku limodzi lokha, abale anga, m'tauni momwe aliyense ankadziwa mnzake! Ndakhala ndikuganizira amayi ndi ana omwe ankadikira pa masitepe aja.

Zomwe zinatsala, UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaziika pamndandanda wa malo otetezedwa mu 2006.