Mahedifoni a agogo: gulu la Ana ndi Adzukulu a aPhiri

Lachitatu

NaPhiri: Moni nonse a m'banja. Ndabwera ndi dandaulo, ndipo musaseke. Agogo anuwa ndi wailesi yawo afika potisowetsa tulo. Lero folo koloko m'bandakucha nyumba yonse inali itadzuka kale, mpaka neba wagogoda pa windo kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Dalitso: 😂😂 Azakhali, mwati tisaseke koma mwayamba ndi zoseketsa.

NaPhiri: Iwe Dalitso, udzagone kuno ku Area 25 usiku umodzi wokha, tidzaone ngati udzaseke.

Thoko: Koma si ine ndinawagulira timahedifoni tolowetsa m'khutu pa Khirisimasi? Tili kuti?

NaPhiri: Tilipo mwanawe, koma sativala. Amati timawayabwa, komanso timagwa akangotafuna. Ndiye amalowetsa kawayako mu foni, timitu tija n'kutikoleka pa msomali wa pa windo, mawu n'kuwatulutsira pa sipika. Akuti akachotsa kawayako wailesi imakana kuyaka.

Chikondi: Akunena zoona agogo. Mafoni ambiri alibe mlongoti wa FM mkati mwake, waya wa mahedifoni ndi umene umagwira ntchito ya eriyo. N'chifukwa chake amaukoleka pa windo, azindikira okha kuti waya ukatambasuka wailesi imamveka bwino.

Yohane ku Joni: Madalawo za mawailesi anayamba kale, inu musanabadwe. Ife tikukula panali wailesi ya Nzeru pa tebulo, eriyo atailumikiza ndi waya mpaka pa denga, mwana woikhudza ankalawa mkwapulo. Achemwali, tiyeni tingosonkha tiwagulire mahedifoni enieni ovala kumutu. Mwezi wamawa akukwanitsa zaka 80, ikhale mphatso yomweyo.

Thoko: Ndagwirizana nazo bambo aang'ono. Ndalama ndisunga ine monga mwa nthawi zonse. Airtel Money kapena Mpamba, zonse zili bwino, koma muziikirapo yochotsera chonde. Tiike malire pa K90,000.

Dalitso: K90,000 ya mahedifoni? Ine ndinagula anga m'tauni pa K12,000, a Bluetooth, owala buluu m'mbalimu.

Mayi a Tadala: Bambo a Tadala, auzeninso anthuwa kuti anakhala masiku angati.

Dalitso: Nkhani za m'nyumba sizibwera pa gulu.

Mayi a Tadala: Masabata awiri. Mbali imodzi inazima, kenako chomangira kumutu chinathyoka akuchikweza. Panopa Tadala amaseweretsa ngati chiwongolero cha galimoto. Dzina la kampani pa bokosi linali ndi chilembo chimodzi chosowa, koma eni ake anati ndi sitayilo.

Thoko: Alamu mwatithandiza 😂

Yohane ku Joni: Ndiye ndigule kuno. Ndaona a Sony opanda waya, WH-CH520, batire yake imatha maola 50. Ndipatsira mnyamata wina akubwera pa basi kumapeto a mwezi. Madala azingoyenda nawo pabwalo popanda chingwe chowakola.

Chikondi: Bambo aang'ono, pepani ndikutsutsenipo pang'ono. Amenewo ndi abwino kwa inu amene mumamvera zinthu za pa intaneti. Kwa agogo sagwira, chifukwa alibe polowetsa waya ngakhale pang'ono. Popanda waya foni yawo ija siyatsa wailesi. Tingawaikire wailesi ya pa intaneti, koma ndiye kuti bandulo tsiku ndi tsiku, pomwe FM ndi yaulere. Agogo amamvera kuyambira m'bandakucha mpaka nkhani za usiku, ndani azigula bandulo imeneyo?

NaPhiri: Osayang'ana ine.

Chikondi: Chinanso ndi kutchaja. Magetsi akazima foni yokha timavutika nayo, ndiye tiwonjezere chinthu chachiwiri chofuna chaja? Komanso Bluetooth ikaduka agogo sangathe kulumikizanso okha, azidzutsa azakhali folo koloko yomweyo.

NaPhiri: Ayi ndithu, zimenezo ndakana. Tikufuna kuchotsa vuto, osati kulisintha malaya.

Yohane ku Joni: Chabwino aphunzitsi, ndamva. Sukulu ya ku Bunda sikupita pachabe. Nanga tigule otani?

Chikondi: A waya, a pulagi yozungulira ija ya 3.5 mm. Foni ya agogo ili ndi bowo lake, azakhali atsimikiza kale ndi za pa msomalizi. Mitundu ilipo itatu. Olowetsa m'khutu agogo akana kale. Atsala okhala pamwamba pa khutu ndi ophimba khutu lonse. Okhala pamwamba amakhala opepuka, ambiri amapindika n'kulowa m'thumba la jekete, ndipo ndi otsikirako mtengo. Ophimba khutu lonse ndi aakulu koma sakanikiza khutu lenilenilo, amatsamira pa mutu mozungulira.

Mayi a Tadala: Musaiwale magalasi. Agogo savula magalasi kupatula pogona. Mahedifoni othina okhala pamwamba pa khutu amapanikiza khutu pa mwendo wa magalasi, pakangotha ola kuseri kwa khutu kumayamba kuwawa. Khungu la munthu wamkulu ndi lopyapyala, silichedwa kunyuka. Ku wodi ndimaona zilonda zoyamba ndi tinthu tating'ono ngati timeneti, ngakhale kachingwe ka masiki.

NaPhiri: Ndi chipewa chawo chija cha kapusi. Sachivula ngakhale m'nyumba.

Dalitso: Ndiye tikugulira mutu wa zinthu zitatu, magalasi, chipewa ndi mahedifoni. Mutu wa agogo wasanduka minibasi ya ku Kawale, folo folo.

Yohane ku Joni: Iwe ulemu uzikhalapo, amenewo ndi bambo anga 😂

Thoko: Zalowa mpaka pano: bambo aang'ono K30,000, ine K15,000, azakhali K10,000. Achimwene a Dalitso alonjeza K20,000. Chikondi ndi mwana wa sukulu, apereka nzeru basi.

Dalitso: Ilembe ngati yalowa kale.

Thoko: Fodya wako ndi uyo ali pamphuno achimwene, wa pachala ngwamphepo. Ndilemba ikalira foni.

Lachinayi

Chikondi: Mwadzuka bwanji nonse. Ndinali ndi mpata ndiye ndinatsikira m'tauni, ndazungulira mashopu a ku Old Town mpaka Malangalanga, kenako ndinakwera kupita ku Gateway Mall. Zimene ndaona ndi izi. A dzina lodziwika ophimba khutu lonse, okhala ndi Bluetooth komanso waya wochotseka, monga JBL Tune 720BT, apitirira ndalama yathu kutali. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zochokera kunja sizigwirika. Koma a waya okhaokha tikhoza kukwanitsa, chifukwa sitikulipirira batire ndi zina zimene agogo sazifuna.

Thoko: Wawayesa?

Chikondi: Awiri. Oyamba anali a mtundu wa Sony MDR-ZX110, opepuka kwambiri, opindika, okhala pamwamba pa khutu. Alipo ena ofanana nawo olembedwa AP kumapeto, amenewo ali ndi maikolofoni pa waya. Achiwiri anali ophimba khutu lonse, dzina losadziwika kwenikweni, koma khushoni yake yofewa bwino. Ndinabwereka magalasi a mnzanga n'kuvala. Mwini shopu anayamba kundiyang'ana ngati ndithawa nawo, chifukwa ndinakhala nawo kumutu mphindi khumi ndikungoima. Mphindi ziwiri zoyambirira onse amakoma. Kuwawa kumayamba pambuyo pake.

Mayi a Tadala: Ndiye anakuwawa ati?

Chikondi: Opepuka aja anandikanikiza pang'ono pa magalasi. Ophimba aja sanandipweteke, koma nditavula makutu anali thukuta lokhalokha. Ndipo uku ndi kumayambiriro a September, nanga October akafika?

NaPhiri: Nyumba yathu ino ya malata opanda siling'i, masana mumakhala ngati mu uvuni. Agogo anu amathawira pansi pa mtengo wa mango.

Yohane ku Joni: Khushoni yooneka ngati chikopa ija samalani nayo. Anga kuno inayamba kusupuka chaka chisanathe, ndimapezeka ndi tizidutswa takuda m'makutu ndi pa kolala. Ngati alipo a khushoni ya nsalu, amenewo satentha kwambiri.

Chikondi: A nsalu sindinawaone, koma ndifunsanso. Ubwino wake makhushoni ambiri amachoka. Akatha, telala akhoza kusoka tizivindikiro ta nsalu yopyapyala.

NaPhiri: Telala wa chiyani ine ndilipo? Makina anga akadali amoyo. Zidutswa za chitenje zadzaza thumba.

Dalitso: Agogo ndi mahedifoni a chitenje. Chithunzi chimenecho ndikuchifuna.

Thoko: Ine ndikufuna K20,000 ija.

Mayi a Tadala: Ndiloleni ndilankhulepo za ntchito yanga pang'ono, chifukwa pali chimene chikundidetsa nkhawa. Agogo amakweza wailesi chifukwa sakumva bwino, makamaka khutu la kumanzere. Mwaona amatembenuza mutu mukamawalankhula. Tikawapatsa mahedifoni, phokoso lomwe linkadzutsa neba lija lizilowa lonse m'khutu mwawo, ife osadziwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera mawu a madesibelo 80 (muyeso wa kukwera kwa mawu), ndipo mawu akakwera kuposa pamenepo nthawi yake imatsika msangamsanga. Kucheza kwa anthu wamba kumakhala cha m'ma 60. Agogo maola 40 amawamaliza pofika Lachinayi.

Yohane ku Joni: Apa mwanena zenizeni apongozi. Ndiye titani?

Mayi a Tadala: Choyamba voliyumu isapitirire pang'ono pa theka. Azakhali, njira yosavuta ndi iyi: mukaima pafupi nawo n'kumamva zimene wailesi ikunena kuchokera m'mahedifoni, ndiye kuti yakwera kwambiri. Chachiwiri tiwapititse akayezedwe makutu. Ku African Bible College ku Area 47 kuli kiliniki ya makutu. Nthawi zina vuto limangokhala phula louma lotseka khutu, akalichotsa munthu n'kuyambanso kumva bwino. Koma chonde musawatokose ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga.

NaPhiri: Nthenga ya nkhuku ndiye ili m'Baibulo mwawo, amati ndi yosungira tsamba. Ndikaitaya lero.

Chikondi: Mahedifoni otseka bwino amathandizanso pamenepa. Phokoso la kunja likachepa munthu sakweza kwambiri voliyumu.

NaPhiri: Dikirani, agogo aakazi akumva ndikuwerenga, akuti ndilembe mawu awo. Akuti: "Muwauze anawo asagule zotseka makutu zija zoti munthu osamva kalikonse. Ndikaitana kuti nsima yapsa azimva. Ndikagwa kubafa azimva. Zaka zonsezi ndakhala ndikupikisana ndi wailesi, tsopano mukufuna muipatse chipambano?"

Thoko: Agogo 😭😂

Dalitso: Khoti lalikulu lagamula.

Chikondi: Auzeni agogo asadandaule. Zoletsa phokoso zija zimafuna batire ndipo ndi zodula, sitikuzifikira n'komwe. A wamba amangochepetsa, munthu akaitana amamveka. Koma mawu a agogowa akukankhira ku opepuka aja, chifukwa satseka kwambiri.

Mayi a Tadala: Pomwe magalasi akukankhira ku ophimba.

Yohane ku Joni: Ndiye tikukangana za mutu umene suli pa gulu pano. Atengeni eni mutuwo akayese okha.

Lachisanu

Thoko: Uthenga wabwino, foni yalira. Achimwene a Dalitso atumiza K20,000 ndi yochotsera yomwe. Alamu awonjezera K10,000 yawoyawo. Tili pa K85,000.

Dalitso: Muombe m'manja.

Yohane ku Joni: Ndaponya ina K15,000 pompano, ikhale ya mayendedwe ndi ka Fanta ka madala. Asakwere kabaza chonde. Chikondi, tenga okhala ndi maikolofoni, ndikamawaimbira pa WhatsApp amaika foni pa khutu lolakwika lija n'kumangoti halo halo.

Chikondi: Ndamva. Kuzindikira kwake n'kosavuta, pulagi ya mizere iwiri ndi ya mawu okha, ya mizere itatu ili ndi maikolofoni. Ndiyang'ananso waya, ukhale wokhuthala pamene walowera mu pulagi chifukwa ndi pomwe umayambira kuduka. Pulagi yopindika ngati L ndi yabwino kwa munthu woika foni m'thumba la malaya ngati agogo. Azakhali, mawa abwere ndi foni yawo, magalasi ndi chipewa, tikayatse wailesi m'shopu momwemo. Shopu yokana kuyesa kapena kupereka risiti tikangoidutsa.

NaPhiri: Ndawauza. Poyamba anakana, akuti ndalama zimenezo bwenzi mutagula feteleza. Nditanena kuti azimva mpira wa Silver bwinobwino popanda agogo aakazi kuwalalatira, afunsa kuti tinyamuka nthawi yanji. Panopa akupukuta nsapato.

Mayi a Tadala: Za kuyeza makutu ndifunsa Lolemba masiku ake ndi mtengo, ndidzawaperekeza ndekha tsiku limene sindili pa ntchito. Ndalama ikatsala mawa musaidye, Thoko.

Thoko: Yotsala ndisunga, ndipo risiti ndiika pano.

Dalitso: Ndapempha galimoto ya mnzanga wa ku Kanengo, mafuta alimo okwanira. Ndifika ku Area 25 hafu pasiti eyiti. Chikondi tikupeza pa depoti.

NaPhiri: Hafu pasiti eyiti yeniyeni, Dalitso. Agogo ako akhala atavala jekete kuyambira sikisi.

Chikondi: Azakhali, timahedifoni takale tija musataye, mubwere nato. Ndikufuna ndione ngati bowo la foni lili bwino tisanalipire.

NaPhiri: Ndakachotsa kale pa msomali, tili m'chikwama. Usiku uno wailesi kulibe, tigona.

NaPhiri: Ndanama. Apeza waya wina mu dilowa.