Kuchoka pa triathlon ya Olympic kupita ku 70.3

Wa ku Namiwawa: Abale, munthu wozolowera kusambira makilomita 1.5, kupalasa njinga 40 ndi kuthamanga 10 pa triathlon ya Olympic, akafuna kulowa 70.3 (triathlon yotalikirapo, ya mamailosi 70.3 onse pamodzi) ayambe wasintha chiyani?

Wa ku Chilomoni: Achimwene, yambani ndi njinga. Ku Olympic akatswiri amaloledwa kubisala kumbuyo kwa anzawo kuti mphepo isawawombe, n'chifukwa chake amalimbirana kutuluka m'madzi ndi gulu loyamba. Ku 70.3 n'zoletsedwa. Mumasiya mpata wa mamita 12 pakati pa inu ndi amene ali kutsogolo, mukaphwanya lamuloli mumaimitsidwa kwakanthawi ngati chilango. Makilomita 90 onsewo mphepo mumalimbana nayo nokha, mutawerama pa aerobar (zogwirira zotsamirapo mikono kutsogolo kwa njinga), ndiye khosi ndi msana zizolowere msanga. Msewu wa Zomba ungakuthandizeni.

Wa ku Limbe: Ambiri chimawagwetsa ndi chakudya. Muli pa njinga muzidya magalamu 60 mpaka 90 a carbohydrate (zakudya zopatsa mphamvu monga shuga) pa ola, pang'onopang'ono mphindi 20 zilizonse. Nthochi imodzi ili ndi pafupifupi 25 okha. Yeserani pokonzekera, chifukwa chakudya chachilendo chimatsegula m'mimba. Kukatentha onjezerani mchere m'madzi.

Wa ku Chilomoni: Komanso pa zitunda musapondereze ngati mpikisano ukuthera pomwepo. Mukatero miyendo imauma makilomita 21.1 othamanga asanafike pakati. Sabata iliyonse, mukangotsika njinga, thamangani mphindi 20.