Chimbale cha ku Japan chikusokosa: ndi nyimbo kapena chawonongeka?

Wofunsa: Akuluakulu, thandizeni. Ndili ndi chimbale chakale cha nyimbo zimene anajambula ku situdiyo ya NHK (nyumba youlutsira mawu ya dziko la Japan) ku Tokyo, muli za opeka nyimbo Toshiro Mayuzumi ndi Joji Yuasa. Ndikachiika pa galamafoni yochokeranso ku Japan, ndikumva "shii" wosalekeza, mawu aatali akugwedera, ndipo chakumapeto kwa mbali iliyonse mawu oonda akusweka. Ndidziwa bwanji phokoso la woipeka ndi phokoso la vuto?

Wosunga zimbale: Achimwene, "shii" winayo ndiye nyimboyo. Situdiyo ija inatsegulidwa mu 1955, ndipo zida zake zinali makina otulutsa mawu osasakaniza, zosefera mawu ndi matepi odula n'kumata. Yuasa anapeka Icon mu 1967 posefa white noise, phokoso ngati la wailesi yosowa siteshoni. Musalimbane nalo. Chodziwira n'chakuti phokoso la woipeka limayenda, limakwera, limatsika, limachoka sipika ina kupita ina, kenako limaduka mwadzidzidzi. Mverani pampata wa pakati pa nyimbo ziwiri. Likapitirira pamenepo, ndi la chimbale.

Wokonza mawailesi: Bambo, tengani wotchi. Pa liwiro la maulendo 33⅓ pa mphindi, chimbale chimazungulira kamodzi pa masekondi 1.8. Chilichonse chobwerezeka pa nthawi imeneyi si nyimbo. "Tha, tha" ndi kukalika. Mawu akamakwera n'kutsika pa muyeso womwewo, bowo lapakati silili pakati penipeni, ndipo mudzaona mkono wa singano ukupita uku ndi uku. Pa nyimbo za magitala zimabisika, koma pa mawu aatali a Mayuzumi a mu 1955 palibe pobisala. Kugwedera kosatsata muyeso kawirikawiri ndi kutha kwa lamba wozunguza chimbale, gulani wina.

Koma musanayatsenso, onani kumbuyo kwa makinawo. Za ku Japan zimadya 100V, ife magetsi athu ndi 230V. Pamafunika thiransifoma ya 100V, osati ya 120V. Chachiwiri, kugunda kwa magetsi ku Tokyo ndi 50Hz ngati kuno, Osaka ndi 60Hz. Mota yodalira kugunda kwa magetsi ikakhala ya 60Hz, kuno iziyenda pafupifupi 27.8 m'malo mwa 33⅓, ndipo thiransifoma sikonza zimenezo, musinthe kagudumu ka pa mota. Popeza nyimbozi zilibe woimba, khutu silingakuuzeni kuti zikuchedwa. Werengani: maulendo 100 pa mphindi 3.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga kusweka kwa kumapeto?

Wokonza mawailesi: Chapakati pa chimbale mizere yake imadutsa pansi pa singano pang'onopang'ono, ndiye mafunde a mawu oonda amapanikizana. Singano yobulungira imalephera kuwatsata. Wongolani katiriji (kachipangizo kogwira singano) ndi pepala loyezera, ikani singano ya nsonga yopyapyala ya elliptical kapena microline, ndipo muyeze kulemera kwake ndi kasikelo. Ya Audio-Technica VM95 imafuna magalamu 2. Ambiri amapeputsa poganiza kuti akuteteza chimbale, pamene singano yopepuka imanjanja n'kukukuta mizere.

Wosunga zimbale: Muchitsukenso, chinyezi cha ku Japan chimameretsa chuku m'mizere. Madzi akhale a distilled aja othira m'batire (osati asidi!), kadontho kamodzi ka sopo wamadzi pa theka la lita, pukutani motsata mizere, tsukuluzani, chiume chili chiimire pamthunzi. Sipiliti wofiirira ayi. Mukaona chifunga chotuwa chosachoka, chinakhalitsa m'chikwama cha pulasitiki ya PVC, ndipo phokosolo silitsukika. Kapepala ka obi kozungulira chikuto musataye, kamakweza mtengo wa chimbale.